Ngolo Yopepuka Mphuno

1. Fungo la mtsinje

Kamaloto anali asanauonepo mtsinje, koma fungo lake ankalidziwa kuposa fungo la sopo wa kunyumba kwawo.

Fungolo linkabwera ndi ngolo. Lamulungu lililonse madzulo, amayi ake ankalowa pageti ndi pikapu, mchimwene wake akusinza pambali pawo, kumbuyo kukubwera ngolo yonyamula maboti a labala opopa mpweya, aja amene alendo amakwera potsika mathithi. Mabotiwo ankafika akudontha. M'makona mwake munkakhala mchenga woyera, timasamba tachilendo, nthawi zina kachigoba ka nkhono. Ena onse ankaona matope ofunika kutsuka. Kamaloto ankatola tizinthuto n'kukatindandalika pawindo la kuchipinda kwake.

Mtsinjewo unali kutali, kuseri kwa mapiri, ndipo m'pikapu munalibe malo a munthu wongopita kukaona. Mchimwene wake anali wopalasa maboti. Amayi ake anali oyendetsa: ankawasiya apaulendo kumtunda, n'kuzungulira ndi ngolo kukawadikira pamlatho, kumene ulendo wa pamadzi unkathera.

Dzina loti Kamaloto anamupatsa ndi aphunzitsi a masamu, tsiku lina atamuitana mobwerezabwereza iye akuyang'ana panja, pakamwa pali yasa. Dzinalo linamukakamira mpaka kunyumba. Koma tinene zoona, mwanayu akavala chipewa chowotcherera zitsulo, malotowo ankathera pomwepo. Bambo ake, mmisiri wowotcherera, anayamba kumuphunzitsa akadali wamfupi kuposa tebulo la m'shedi. Tsopano anali ku sekondale, ndipo msoko wake wowotcherera unkatuluka wosalala moti makasitomala ankayamikira bambo ake, iwo n'kumangomwetulira osakana.

Tchuthi chimenechi zinthu ziwiri zinagwa pamodzi. Kachitsulo kanathethekera m'diso la bambo ake, ndipo achipatala atakachotsa anawamanga maso onse awiri, n'kuwaletsa kuyang'ana kuwala ndi kunyamula chilichonse cholemera. Sabata yomweyo mayi a maboti, amene banja lonseli linkawagwirira ntchito, anagula boti latsopano, lalitali kuposa ngolo.

Mayiwo anabwera okha kushedi, makiyi akulira m'manja.

"Ngolo iyi iwonjezeredwe," anatero. "Loweruka tili ndi ulendo womaliza mvula isanadzaze mtsinje. Tikagona komweko, Lamulungu n'kutulukira pamlatho. Amisiri, mwanayu angathe?"

"Mumufunse mwini wake," anayankha bambo ake. "Ine panopa ndine wailesi chabe, ndimangolankhula."

Mayi a maboti anamuyang'ana Kamaloto kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Iwe mtsikana, ndamva kuti umanunkhiza maboti anga. Ngolo ikatha, mpando wakutsogolo m'boti latsopano ndi wako. Ukanunkhize mtsinje weniweniwo."

Kamaloto anavomera msangamsanga. Sukulu inali kutsegulira Lolemba, ndipo ulendo wina ngati umenewu sukanapezekanso mpaka chaka chamawa.

2. Chenjezo la bambo

Sabata yonse m'shedi munali nthethe za moto. Kamaloto anadula zitsulo, anazilumikiza kumbuyo kwa ngolo, anapala malo onse akuthwa. Pamwamba anayala kalapeti yakale kuti chitsulo chisamadye labala. Kumapeto kwenikweni anaikako paipi yozungulira, yoti boti lizitsetserekapo polikweza. Atamaliza anapaka penti yobiriwira ngati madzi amene ankawaona m'maloto ake.

Bambo ake ankakhala pakhomo la shedi, pampando wakale wa galimoto, maso ali m'bandeji. Ankagwira ntchito ndi makutu.

"Wathamanga pamenepo," ankatero. "Rodi yowotcherera ikamayenda bwino imalira ngati dzira m'mafuta otentha. Imeneyo ikutsokomola. Bwerezanso."

Akangoti adzuke kuti akagwire chitsulo, amayi ake ankatulukira ngati anabisala kuseri kwa chitseko.

"Bambo a ana, adokotala anati chiyani?"

"Ndimangowongola miyendo."

"Iwongolereni pampando pomwepo."

Lachisanu m'mawa, penti itauma, bambo ake anamuitana.

"Mwanawe, khala pansi kaye, usanayambe kuvina. Ngolo ili ndi mphuno ndi mchira. Mphuno ndi chitsulo chakutsogolo chija timakola ku galimoto. Iwe watalikitsa mchira, matayala wawasiya pomwe anali. Mwina zikhala bwino, mwina ayi, atiuza ndi katundu. Mukakweza maboti, ugwire mphunoyo ndi manja ako, uinyamule. Iyenera kukulemera mpaka ubuule.

"Undimvetse bwino. Ngolo yopepuka mphuno imasangalatsa pabwalo pano. Mwana amaikankha ndi dzanja limodzi, aliyense n'kumayamikira mmisiri. Khalidwe lake imakalionetsa panjira. Pamalo athyathyathya imatsatira mwaulemu, woyendetsa mpaka amaiwala kuti akukoka kanthu. Mukayamba kutsika phiri, galimoto ikangothamanga pang'ono, mchira umayamba kugwedezeka. Poyamba pang'onopang'ono, ngati galu wokondwa. Woyendetsa amachita mantha, amaponda buleki, ndiye wayiputa. Imapita uku, imapita uko, ndipo pakutha pake ngolo ndi imene imayendetsa galimoto.

"Ndili mnyamata anandituma kukathandiza kukoka galimoto imene inagwera m'phompho. Ngolo yake inali yatsopano, yokongola, penti yake ikununkhirabe. Zimene tinapeza kutsogolo kwa galimotoyo sindikuuza. Ungodziwa kuti kuyambira tsiku limenelo palibe ngolo inatuluka pageti langa ndisanainyamule mphuno. Lero manja anga aletsedwa. Manja anga ndi iweyo."

"Nanga ikapepuka, bambo?"

"Kudula zogwirira ekiselo, chitsulo chija cholumikiza matayala, kusunthira matayala cha kumbuyo, n'kuwotcherera mwatsopano. Ndi ntchito ya tsiku lathunthu, ndipo sichitika mothamanga."

Kamaloto anawerenga masiku mumtima. Tsiku lathunthu limene linatsala linali Loweruka.

3. Kubuula

Mchimwene wake anapopa maboti, ndipo awiriwo anawakweza pangolo, lina pamwamba pa linzake, latsopano lija pamwamba pa onse. Linali lofiira, lonyezimira, ndipo linafika mpaka kumapeto kwa mchira watsopano ngati analiyezera. Anamanga malamba. Mphuno ya ngolo inali itatsamira pachipika cha mtengo.

"Eya," anatero bambo ake ali pampando. "Inyamule timve."

Kamaloto anapukuta manja m'ovolosi, anawerama, anagwira.

Mphuno ija inakwera ngati beseni lopanda madzi.

Mtsikanayo anaima nayo m'manja. Anayang'ana mchimwene wake, ndipo mchimweneyo anayang'ana kumbali. Anayang'ana boti lofiira. Anayang'ana bambo ake, nkhope yawo itatembenukira kwa iye, bandeji ili mbee.

"Hiii! Mayo ine!" anabuula Kamaloto, n'kuitsitsa mphuno pachipika.

Bambo ake anapendeketsa mutu n'kufunsa.

"Yalemera?"

"Yalemera, bambo."

"Chabwino," anatero, n'kutsamira kumpando.

Mchimwene wake anamukokera kuseri kwa maboti. Anali mnyamata wabwino mtima, koma wa m'gulu la anthu aja amene vuto lililonse amati lichepa likagona.

"Usade nkhawa, iwe," ananong'ona. "Ndidzaza thumba la mchenga, ndilimange pamphuno ndi waya. Ilemera bwinobwino. Tikabwerako mudzakonza pang'onopang'ono ndi madala."

"Zitheka, achimwene?"

"Kulemera n'kulemera basi. Ngolo imadziwa ngati ndi mchenga? Iwe kakonze zovala zako. Utenge chipewa, dzuwa la pamadzi silicheza."

Anatenga fosholo n'kupita kukadzaza thumbalo akuimba mluzu. Kamaloto anapumira m'mwamba, n'kupita kukadya chakudya cha masana.

4. Pamwamba pa maboti

Dzuwa litapendeka, pabwalo panali zii. Mchimwene wake anali atapita kukagula mafuta a jenereta. Amayi ake anali m'pikapu, wailesi ikuimba, akupukuta galasi lakutsogolo. Thumba la mchenga linali pambali pa geti, lisanamangidwe.

Kamaloto anakwera pamwamba pa maboti n'kugona chagada m'boti lofiira, kutsogolo, pamalo ake a mawa.

Labala inali yofunda, ndipo inkamira pang'ono pansi pa msana wake. Makoma a boti anabisa shedi, anabisa mpanda, anabisa denga la nyumba. Kunatsala kumwamba kokha. Mitambo inkayenda pang'onopang'ono, ndipo atayiyang'ana nthawi yaitali, mitamboyo inaima, boti n'kuyamba kuyenda.

Anadutsa pakati pa matanthwe aatali. Mitengo inawerama kuti imuone. Mbalame yoyera inanyamuka pamwala n'kuuluka motsogola, ngati ikumuonetsa njira. Analowetsa dzanja m'madzi, ndipo madziwo anali ozizira, osalala, akumukoka zala. Kutsogolo kunali mkokomo wa mathithi, koma iye sanachite mantha. Mkokomowo sankadziwa kuti umamveka bwanji, choncho m'maloto ake unkalira ngati mvula padenga la malata.

Mtambo wina wooneka ngati nsomba unalowera cha kumbuyo. Kamaloto anafuna kuutsatira. Anakwawa m'boti, akuyang'anabe kumwamba, mpaka anafika kumchira.

Dziko linapendekeka.

Mchira wa ngolo unatsika n'kumenya pansi kuti gu! Kamaloto anagwira chingwe cha boti. Atadzutsa mutu anaona mphuno ya ngolo ili m'mwamba, ikuloza mitambo. Iye yekha, kamtsikana koonda ngati rodi, anali atapendeketsa ngolo yonse pamodzi ndi maboti ake.

Anakwawa msanga kubwerera kutsogolo, ndipo mphuno inatsikira pachipika mwakachetechete. Amayi ake sanamve kanthu chifukwa cha wailesi. Anali atatuluka m'pikapu, akukuntha kapilo kawo. Amayiwa anali aafupi, ndipo poyendetsa ankakhalira kapiloko kuti aziona bwino msewu. Anakakuntha, anakanunkhiza, anakabwezera pampando n'kukasalaza ndi dzanja, akuimba motsatira wailesi.

Kamaloto anawayang'ana ali pamwamba pa maboti. Mantha anamugwira, a mtundu umene anali asanaumvepo.

"Chagwa n'chiyani kumeneko?" anafunsa bambo ake ali pakhomo la shedi.

Mawu oti "palibe" anali atafika kale pamilomo. Kamaloto anawameza. Anatsika pangolo, anayenda mpaka pampando, n'kugwada pambali pa bambo ake.

"Bambo, ngolo yapepuka mphuno. Ndinabuula zabodza."

5. Thumba la mchenga

Bambo ake sanakalipe. Anafufuza ndi dzanja mpaka anapeza mutu wake, n'kulisiya pomwepo.

Amayi ake anazimitsa wailesi. Mchimwene wake analowa pageti ndi chigubu cha mafuta, ndipo ataona nkhope zawo anadziwa kuti zaululika.

"Koma madala, njira ilipo," anayamba. "Thumba la mchenga lija..."

"Ika chigubucho pansi, ukhale," anatero bambo ake. "Iwe umadziwa madzi, ine ndimadziwa zitsulo, ndiye timverane. Thumba lako lingakufikitseni kumtsinje, sindikukana. Pobwera bwanji? Maboti amatuluka m'madzi atanyowa. Madzi otsalira m'katimo, mukangoyamba kukwera mtunda, onse amathamangira kumchira. Mchenga wa m'makona nawo umakhala komweko. Thumba limene linakwana popita silikwananso pobwera.

"Komanso thumba lilibe pakamwa. Pamlatho pamakhala anthu ambiri, onse otopa, onse ofuna kuthandiza. Wina adzaona thumba lauve pamphuno pa ngolo, adzati alichotse kuti malo apezeke. Kapena waya adzadya thumbalo panjira, mchenga n'kumatayika pang'onopang'ono, inu muli kutsogolo mukuimba nyimbo. Chinthu chimene moyo wa amayi ako ukudalira chiyenera kuwotchereredwa, osati kumangidwa ndi waya.

"Ndipo ndikuuzeni nonse awiri. Chinthu chokonza mongoyembekezera sichichokanso. Mukanabwerako bwino ulendo uno, mukanati thumba likugwira ntchito. Chaka chamawa likanakhala pomwepo. Tsiku limene likanakana, palibe akanakumbukira kuti linaikidwa chifukwa chiyani."

Mchimwene wake anakanda m'mutu, maso ali pansi.

Amayi ake anaimbira foni mayi a maboti, n'kuikweza mawu kuti onse amve. Mayiwo sanabise kukhumudwa kwawo. Anati abwereka lole ya achimwene awo, maboti awaphwetse, awapinde, akawapopere kumtsinje. Koma loleyo inali ya Loweruka lokha.

"Lamulungu ngolo ikhale ili pamlatho," anatero. "Alendo sindingawagoneke pamsewu ndi maboti onyowa. Ikonzeka?"

"Ikonzeka mawa, mayi," anayankha Kamaloto.

"Akonza ndani, poti amisiri sakuona?"

"Ine."



"Ukudziwa kuti mpando uja sindingakusungire?"

"Ndikudziwa, mayi."

Mchimwene wake anadzipereka kuti atsale iyeyo, awotcherere m'malo mwa mlongo wake. Aliyense anaseka, ngakhale Kamaloto amene misozi inali italengeza. Mnyamatayu akagwira rodi, zitsulo zinkamatana ngati zamatidwa ndi phala, ndipo zimenezi ankazidziwa yekha.

Maboti asanatsitsidwe, bambo ake anamuuza Kamaloto kuti aike jeke pansi pa ngolo, azimusuntha pang'onopang'ono mpaka apeze pamene ngolo ikuima yokha osagwera kutsogolo kapena kumbuyo. Anapapeza, analemba ndi choko. Kumbuyo kwa chizindikirocho analemba china, pamene matayala anayenera kukhala. Kenaka anathandiza mchimwene wake kutsegula mavavu a mpweya. Boti lofiira linapuma mpweya wake wonse n'kugona pansi ngati chinsalu.

6. Loweruka

Lole inabwera m'mawa. Alendo anali kale kumbuyo, atavala zipewa, akujambulana. Mtsikana wina wa msinkhu wa Kamaloto anali atakumbatira jekete yoyandamitsa ngati mwana. Kamaloto anathandiza kukweza nkhafi. Mchimwene wake anamugwira paphewa.

"Ndikubweretsere chiyani?"

"Madzi a mtsinje, m'botolo."

Lole itakhota pakona, Kamaloto analowa m'shedi, anavala chipewa chowotcherera, n'kulira m'katimo momwe munalibe womuona. Analira zenizeni, mpaka galasi linachita nthunzi. Atatha anachivula, anapukuta galasilo, n'kulumikiza makina odulira zitsulo.

Kudula kunamupweteka mtima. Penti yobiriwira ija inapsa n'kusanduka yakuda. Amayi ake anavala ovolosi ya bambo, anapinda miyendo yake kangapo, n'kumuthandiza kukweza ngolo ndi jeke. Awiriwo anakoka ekiselo pamodzi ndi matayala ake mpaka pachizindikiro cha choko.

"Yeza mbali zonse ziwiri," anatero bambo ake. "Tayala lina likatsogola, ngolo iziyenda chammbali ngati nkhanu, ndipo matayala atha mwezi usanathe."

Anayeza. Mbali ina inali itatsogola pang'ono, kuchepa kwake ngati chala. Anamenya ndi hamala, anayezanso, anamenyanso. Thukuta linali kamukamu. Kenaka anatsitsa chipewa n'kuyatsa moto.

M'kati mwa chipewa dziko limakhala lakuda, kupatula kadontho kamodzi kowala. Kamaloto anakatsatira kadonthoko. Chitsulo chosungunuka chinkayenda patsogolo pa rodi, chikupanga timafunde tating'onoting'ono, kena pambuyo pa kanzake, ndipo timafundeto tinkauma momwemo. Anali asanazindikirepo kuti msoko wabwino umaoneka ngati madzi oyenda. Bambo ake sanadzudzule ngakhale kamodzi.

Dzuwa litayamba kutsika, anamanga mabawuti omaliza n'kutsitsa jeke. Poti maboti enieni kunalibe, anapopa boti lakale long'ambika limene linkakhala kuseri kwa shedi, n'kulikweza. Thumba la mchenga lija analikokera kumchira kuti liimire madzi otsalira.

"Amayi, kwerani inunso kumchirako," anatero Kamaloto.

"Ndasanduka katundu tsopano?" anafunsa amayi ake, koma anakwera.

Kamaloto anawerama, anagwira mphuno. Anakoka. Mphuno sinasunthe. Anatambasula miyendo, anagwira mpweya, mitsempha ya m'khosi inatuluka. Chitsulocho chinakwera pang'ono chabe, ndipo m'chifuwa mwake munatuluka mawu oipa, ngati a mbuzi yokokedwa pachingwe. Anachisiya, chinagwera pachipika kuti gu!

Bambo ake anaseka mpaka kugwira bandeji.

"Kumeneko ndiye kubuula! Munthu wonyamula cholemera amayamba wakhala chete, mpweya amaugwira, kubuula kumabwera pambuyo. Iwe dzulo unayamba ndi kubuula."

Kamaloto anawayang'ana.

"Munadziwa?"

Bambo ake anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa pini, kachitsulo kaja kamene kamatseka ngolo ikakoledwa ku galimoto. Popanda iyo ngolo sichoka pabwalo.

"Ndinakaichotsa dzulo masana, inu mukudya. Ngoloyi sikanatuluka pageti, zivute zitani."

"Nanga bwanji simunanene, bambo? Ndikanayamba dzulo lomwelo."

"Ukanayamba, inde. Mwina ukanathamanga nayo kuti upeze mpando wako, n'kuwotcherera mothamanga. Koma chachikulu si chimenecho. Ine sindidzakhala pampando uwu masiku onse kuti ndizikufunsa ngati yalemera. Ndimafuna ndimve ngati ungadzifunse wekha. Masana onse a dzulo pini iyi inkandiwotcha m'thumba, mwanawe. Ndinali ndi mantha kuposa iweyo."

Kamaloto anakhala pansi, n'kutsamira mwendo wa bambo ake. Anali wotopa, wakuda ndi mwaye, ndipo mumtima munali mutapepuka.

7. Mkokomo

Foni ya amayi ake inalira. Anaitulutsa m'ovolosi ali pamwamba pa ngolo pomwepo, anaikweza mawu.

Munalibe mawu a munthu. Munali phokoso lalikulu, lolemera, losalekeza, ngati malole ambiri akudutsa pamodzi osatha. Kamaloto anaganiza kuti foni yawonongeka.

"Ndi mtsinje umenewo," ananong'ona amayi ake.

Kamaloto anadzuka pang'onopang'ono n'kuyandikira. Sunkalira ngati mvula padenga. Unali waukulu kuposa maloto ake onse, ndipo unkamveka mpaka m'mimba.

Mawu a mayi a maboti anatulukira m'kati mwa mkokomowo, akufuula.

"Mukundimva? Kumtunda kwagwa mvula, madzi akukwera. Sitigonanso kuno. Tonse tili bwino, koma tikuthamangira pamlatho kusanade, ndipo lole inabwerera kale. Mundipatse mtsikana uja!"

"Ndili pano, mayi."

"Ngolo yatha?"

"Yatha."

"Yatha zenizeni?"

Kamaloto anayang'ana zikhatho zake, mmene mphuno ya ngolo inasiya mizere yofiira.

"Yalemera mphuno, mayi."

"Nyamukani tsopano lino. Mubwere ndi zingwe zonse zimene muli nazo, chifukwa boti la mchimwene wako..."

Mkokomo unameza mawu otsalawo, ndipo foni inaduka.

Amayi ake anali atadumpha kale pangolo, akukankhira pansi thumba la mchenga ndi boti lakale. Anathamangira ku pikapu, anakhalira kapilo kawo, anailiza, n'kuibweza chambuyo mpaka pamphuno pa ngolo.

Bambo ake anafufuza dzanja la Kamaloto, n'kumuika pini ija m'chikhatho. Inali ikadali yofunda.

"Msoko watsopano umafuna mwini wake paulendo woyamba," anatero. "Kola ngolo yako, ukwere ndi amayi ako. Mukayamba kutsika phiri, maso ako akhale kumchira."

Kamaloto ananyamula mphuno pamodzi ndi amayi ake, onse awiri akubuula, n'kulowetsa pini m'malo mwake. Kuseri kwa mapiri, kumene kunali mtsinje, mitambo inali itayamba kuda.